Tsiku Limene a Wapampando Anasowa Mpando

1

"Ine pabwalo la ndege pano amandidziwa. Ndikangotulukira, amayamba kuthamangathamanga."

Amene ankalankhula mawuwa ndi amuna anga, ndipo ankauza bambo wina wachipewa amene anaima kumbuyo kwathu pamzere. Ine ndinali kutsogolo, nditanyamula zikwama ziwiri za m'manja, changa ndi chawo. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione othamangathamangawo. Ndinangoona mayi wina akukolopa pansi, ndipo sankafulumira n'komwe.

Amuna anga ali ndi shopu ya zipangizo zomangira nyumba, koma mukafika m'dera lathu n'kufunsa za mwini shopu, anthu akuyang'anani modabwa. Funsani za a Wapampando. Ndi wapampando wa komiti ya sukulu, ya chitetezo, ya mpopi wa madzi, ndi ina ya ukhondo imene anaiyambitsa okha ataona kuti Lachinayi amakhala opanda msonkhano. Ine ndine telala. Ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu kuchipinda chakuseri, ndipo pamisonkhano yawo ntchito yanga ndi kuyambitsa kuwomba m'manja.

Ndege anakwerapo kamodzi, tisanakwatirane, ndipo anasanza. Zimenezo bambo wachipewa sanauzidwe.

"Tikupita kukaona mwana," anapitiriza amuna anga. "Ndi loya. Kumene aliko, oweruza akamva kuti mlandu wagwira ndi iyeyo, amayamba amwa kaye madzi. Ndamugulira chikwama chachikopa choikamo mapepala a kukhoti. Chikopa chenicheni, osati zapulasitiki zanuzi."

Mwana tili naye mmodzi, wamkazi. Dzina lake lenileni limangopezeka pa masatifiketi. Bambo ake anayamba kumutchula kuti Loya adakali ku pulayimale, tsiku limene anatsutsana nawo pa nkhani ya nthawi yogonera n'kupambana. Kuyambira pamenepo iye ndi Loya, ine ndine amake Loya, ndipo njira ya sukulu inali itasankhidwa kale.

Foni yanga inanjenjemera m'chikwama. Unali uthenga wa iyeyo.

"Amayi, zasokonekera. Zimene tinapangana zija sizitheka. Adadi asakwere ndege ya lero. Chitani chilichonse, chonde."

Ndinawerenga kawiri. Chifukwa chake ndinachidziwa pomwepo, ndipo inunso muchidziwa nthawi yake ikakwana. Pakadali pano gwirani ichi chokha: ndinkadziwa kuti amuna anga akakwera ndege imeneyo, mwana wanga sadzapondanso pakhomo pathu. Pakamwa pa bamboyo ndimapadziwa. Mutu wa mwanayo ndimaudziwanso. Anatengerana.

2

"Bambo a Loya," ndinawakoka jekete. "Ayironi ija ndikukayika, ndikuona ngati ndaisiya yoyaka."

"Magetsi a nyumba yonse ndathimitsa pa bokosi. Ine sindichoka pakhomo mwachibwana."

"Ndiye za mufiriji ziwola."

"Mufiriji muli madzi okhaokha. Ndinaona."

Mzere unasuntha. Ndinagwira pamimba.

"M'mimbamu mwandipotokola. Sindikuona ngati ndingayende ulendo."

Anatsegula kachikwama kawo n'kutulutsa mapiritsi. "Oyerawa ndi a m'mimba, achikasuwa ndi a chizungulire. Imwani onse."

Ndinamwa onse, popanda madzi. Ndinaganiza zobisa chiphaso chawo, koma chinali m'thumba la mkati mwa jekete, thumba la zipi limene ndinawasokera ndekha pofuna kuti asamataye zinthu. Ndinaganiza zokomoka. Nditayang'ana pansi ndinaona kuti pamene mayi uja anakolopa panali padakali ponyowa, ndipo diresi langa linali latsopano.

Tinafika pa kauntala. Panali mtsikana wa maso otopa. Analandira matikiti, anagogoda pa kompyuta, kenako anapumira m'mwamba ngati munthu amene wanena chiganizo chimodzimodzi kuyambira mmawa.

"Pepani makolo anga, lero matikiti agulitsidwa ambiri kuposa mipando. Ndiye tikupempha amene angalole kutsala kuti akwere ya mawa..."

Nthawi yomweyo chimkuzamawu chinayamba kuitana munthu wina amene anasiya katundu pakhomo la chimbudzi. Amuna anga anali atatembenukira kwa bambo wachipewa, akumalizitsa nkhani ya mmene anapulumutsira mpopi wa madzi kwa akuba. Pobwerera ku kauntala anangomva mchira wa chiganizo.

"...ndiye tikufuna anthu odzipereka. Kaya bwana mungadzipereke?"

Ndinaona chifuwa chawo chikukwera.

"Mwana wanga, ukufunsa ine za kudzipereka? Ineyo? Pita ukafunse kusukulu. Ukafunse kutchalitchi. Ine ndinayamba kudzipereka iwe usanabadwe."

"Ndiye ndikulembeni?"

"Lemba. Ndipo dzina langa likhale loyamba."

Mtsikanayo anandiyang'ana, maso ake akufunsa ngati bamboyu wamva bwinobwino. Apa m'pamene mkazi wabwino akanatsegula pakamwa. Ine ndinayang'ana zikhadabo zanga.

"Nanga amayi, nanunso mudzipereka?"

"Ine ayi. Sindinazolowere."

"Mwamva?" anatero amuna anga kwa bambo wachipewa, akuseka. "Lero anena zoona."

3

Pachipata chokwerera ndege anawaimika pambali, iwo pamodzi ndi mayi wina woluka juzi amene ankaoneka kuti alibe kothamangira.

"Mwaona, amake Loya? Anthu ena sakwera ndi chigulu. Inu tsogolani, ine andiitana mwapadera."

"Inde, asakufulumizitseni."

"Sangayerekeze."

Ndinatsogola. Pakhomo la ndege anandilandira mayi wina wachikulire ndithu, wa imvi zobisika bwino, amene ndinadziwa pambuyo pake kuti ndiye mkulu wa onse othandiza anthu m'ndegemo. Mpando wanga unali chapakati, wa pazenera. Ndinakhala, ndinamanga lamba, ndinasuzumira kutsogolo, ndinasuzumira kumbuyo. Kumbuyo kwenikweni kunali katani yotseka. Ndinalemba uthenga: "Atsala. Mtima pansi."

Koma wanga mtima sunakhale pansi. Anthu ankalowabe, akukankhana ndi zikwama, akukanganirana makabati a pamwamba. Mpando wa pambali panga unali wopanda munthu, ndipo ndinkauyang'ana ngati mmene timayang'anirira mkaka uli pamoto. Aliyense wodutsa ndinkamumwetulira kuti mwina akhalapo. Onse ankadutsa. Ndinayamba pemphero limene sindikudziwa ngati limaloledwa: Ambuye, tsekani chitseko.

"Pepani, pepani, ndidutseko. Zikomo. Muli bwanji kumeneko? Zikomo."

Mawu amenewo ndingawazindikire ngakhale ndili m'tulo ta opaleshoni. Anabwera akugwedezera mutu anthu a mbali zonse ngati akuyendera perete, n'kudzigwetsa pampando.

"Akuti pali wina sanabwere, ndiye ndilowe. Sindinamvetse kuti zikundikhudza bwanji ine. Mwatani, amake Loya? Nkhope yachita kutuwa."

"Ndi mapiritsi aja."

Ndinabisa foni pansi pa chikwama n'kulemba ndi chala chimodzi: "Alowa."

Yankho silinabwere.

4

Ndinayamba kudzinamiza. Ulendo wake si wautali. Amuna anga akakhala pa chinthu choyenda amagona msanga, kukamwa kuli yasa. Mwina agona, tikafika osaona kanthu. Ndinawauza kuti atsamire, apumitse maso.

Ndiye kunatulukira mwamuna wina, thukuta lili kamukamu, suti ili m'pulasitiki paphewa. Kumbuyo kwake kunali wothandiza m'ndege wamtali, wa tayi yofiira, amene ankachita kuwerama kuti asagunde denga. Anaima pa mzere wathu.

"Pepani bwana, pachitika kulakwitsa pang'ono. Mwini mpandowu wafika. Ndege imene anabwera nayo inachedwa."

"Mwini mpando uti?"

"Umene mwakhalapowu. Inu munadzipereka kuti mutsale, ndiye anzathu a pachipata anafulumira kukulowetsani."

"Ndinadzipereka kuti nditani?"

"Kuti mutsale, bwana. Mukwere ya mawa. Kampani ikupepesani ndi kenakake."

Amuna anga anaseka, kuseka kwawo kwa pamsonkhano, koyang'ana anthu kuti aseke nawo. Palibe anaseka.

"Mnyamata, ine ndinanena kuti ndine munthu wodzipereka. Sindinanene kuti ndine munthu wotsala. Zimenezi n'zosiyana."

"Kuntchito kwathu kuno n'chimodzimodzi, bwana."

"Madala, chonde," anatero wa suti uja. "Ukwati ndi mawa mmawa."

"Ukwati uchitika ngakhale iwe kulibe. Adzakusungira keke."

"Mkwati ndine."

Wina kumbuyo analephera kupirira, anaseka chikhakhali. Mafoni anayamba kudzuka pamwamba pa mipando. Mkulu wawo uja anabwera, manja atawagwirizanitsa kutsogolo, mawu ake ofewa ngati a nesi amene wabisa jekeseni kumbuyo.

"Bwana, kulakwa n'kwathu, sitikukana. Mpando umodzi unagulitsidwa kwa anthu awiri, ndipo amene anagulitsawo sabwera kuno kudzakuyang'anani m'maso. Amatuma ife. Koma ndege sinyamuka wina ataimirira. Kapena amayi mungalole kutsala ndinu?"

Amuna anga anandiyang'ana, nkhope itamasuka. Kwa iwo nkhani inali yatha. Pabanja pathu pakafunika wina woti atsale, kaya ndi pa galimoto yopita ku ukwati kaya ndi pa nthuli yomaliza m'mbale, wotsala amadziwika. Anali atayamba kale kupinda miyendo kuti ndidutse.

Koma ndikanatsika ine, iwo akanatsala m'ndegemo. Ndinakoka lamba wanga mpaka anandiluma pamimba.

"Ine sindinadzipereke," ndinatero, maso ali pa phiko la ndege.

"Amake Loya?"

"Munadzipereka ndinu. Ndinamva ndi makutu angawa. Munati dzina lanu likhale loyamba."

Kuyambira pamene tinakwatirana ndinali ndisanawayankhepo choncho pagulu. Ndinkaganiza kuti manyazi awanyamula, atuluka. Ndinaiwala kuti amuna anga manyazi akawagwira sathawa. Amaimirira n'kuyamba kulankhula.

5

Anaimirira, anagunda mutu pa kabati, koma sanalole kuti zimenezo ziwasokoneze.

"Mukudziwa kuti mukulankhula ndi ndani? Ndani mwa inu anapitako kusukulu? Iwe wamtali, makolo ako anavutika kukulera kuti udzathere kugawa mabisiketi m'mwamba? Inu ntchito yanu ndi kuperekera tiyi ndi kumwetulira basi. Antchito a m'nyumba ovala tayi! Itanani woyendetsa ndege, ndilankhule ndi munthu wophunzira."

Wamtali uja anayang'ana kwa mkulu wawo.

"Bwana, mukapitiriza tiitana achitetezo," anatero mkulu uja.

"Itanani! Inenso ndiitana wanga. Mwana wanga ndi loya. Kampani yanuyi aigulitsa mpaka matayala. Ndimuimbira pompano, mumve nokha."

"Bambo a Loya, musaimbe." Ndinawagwira dzanja. "Ali kuntchito."

Limenelo silinali bodza.

Anakutumula dzanja langa, anadina foni, n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense amve ikuitana. M'ndege monse munangoti zii.

Kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa katani ija, foni inayamba kulira.

Inali nyimbo ya kwaya imene mwanayo anaikira bambo ake okha, ndipo iwo ankaidziwa chifukwa anamusankhira ndi iwowo. Mitu yonse inatembenuka. Nyimbo inalira, inalira, kenako inadulidwa. Katani inatseguka.

Anabwera pang'onopang'ono pakati pa mipando, tsitsi atalimangira kumbuyo, kansalu kofiira m'khosi, siketi yabuluu yofika m'mawondo. Anali atatchena, ndinene zoona. Ngakhale pa nthawi ngati imeneyo, mayi amaona.

Apa ndiye ndiulule. Sukulu ya zamalamulo mwanayu anaisiya chaka chomaliza. Mayeso anamukana kawiri, kachitatu anawakana ndi iye. Anauza ine ndekha. Ntchito ya m'ndege anaipeza yekha, amaikonda, ndipo ataiyamba m'pamene ndinamvanso kuseka kwake pa foni, kumene ndinali nditakuiwala. Tinapangana kuti bambo ake tikawauzire kunyumba kwake, atadya, atakhuta, chitseko chili chotseka. Anapempha tchuthi cha masiku amenewo ndipo anapatsidwa. Ndiye mmawa wa tsikulo mnzake wina anadwala, iye n'kuitanidwa kuti alowe m'malo, pa ndege yathu yomweyo.

Anaima pafupi ndi wamtali uja. Ine sanandiyang'ane.

"Adadi, tsikani. Tikambirana bwino."

Foni inali idakali m'mwamba, m'dzanja lawo. Anamuyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato, n'kubwereranso, maso n'kuima pa siketi.

"Ndiwe ndani iwe?"

"Adadi..."

"Ine mwana wanga ndi loya. Woperekera tiyi ndilibe."

Kenako anatembenukira kwa ine. Ulemu wonse wa zaka zathu anauika pansi.

"Iwe. Unkadziwa?"

Owerenga, siketi imene mwanayo anavala ndinaipinda ndine. Anabwera nayo patchuthi ataikulunga m'thaulo. Inali yaitali, ndinaifupikitsa pa makina anga, bambo ake akuwerenga nyuzipepala pabalaza, ife tikuseka monong'ona ngati atsikana.

"Ayi," ndinatero. "Inenso ndikuona lero."

Mwana wanga sanalire. Anangotsitsa dzanja n'kusalaza siketi ija kutsogolo, kamodzi. Kenako anapatuka kusiya njira, n'kulankhula ndi mawu a ntchito.

"Khomo lili kutsogolo, bwana. Musaiwale katundu wanu."

Amuna anga anatuluka. Ine ndinamasula lamba n'kuwatsatira, chifukwa sindikanatha kukhala ulendo wonse mwanayo akundifunsa ngati ndimwa tiyi kapena khofi. Mkwati anapeza mipando iwiri, wina wake, wina wa suti.

6

Sutikesi yathu inapita yokha kukaona mwana, pamodzi ndi chikwama chachikopa chija. Ife anatilemba pa ndege ya mawa n'kutipatsa kapepala koti tikadyere pa lesitilanti ya pabwalopo, imene tinaipeza yotseka.

M'takisi dalaivala ankatiyang'ana pagalasi pafupipafupi. Pomaliza anafunsa kuti, "Madala, si inu?" Vidiyo inali itatidutsa kale panjira. Pofika kunyumba, aneba anatipatsa moni wa ulemu wopitirira muyeso. Mlembi wa komiti ya chitetezo anaimba kufunsa ngati a Wapampando apeza mpando. Amuna anga anathimitsa foni.

Ndiye alamu anga, mlongo wawo wa amuna angawo, anaimbira ine.

"Mlamu, ndaona. Komatu mwanayo wanenepa bwino, ntchito ikumuyanja. Nanga inu, zoona simunkadziwa? Inuyo? Amene mumadziwa ngakhale za m'miphika ya eni?"

"Netiweki ikuvuta, alamu," ndinatero, n'kudula.

Amuna anga sanakhale pansi masana onse. Anayendera mpanda, anakhoma msomali umene unali wokhomeka kale, anatsegula firiji n'kuyang'ana madzi aja n'kutseka. Ine ndinakhala pa makina, ndinasoka kolala mozondoka, ndinaphwasula, ndinasokanso mozondoka. Mwanayo ndinamuimbira mpaka foni inatentha. Sankayankha. Chakumadzulo kunabwera uthenga waufupi: "Musavutike kubwera. Amene mukumufunayo kuno kulibe."

Ndinawaonetsa. Anawerenga ataitalikitsa foni, chifukwa magalasi awo anali mu sutikesi. Anawerenga nthawi yaitali kuposa kutalika kwa uthengawo.

"Matikiti a mawa aja alipo?"

"Alipo."

"Ndiye tipite tikatenge sutikesi yathu."



7

Mawa lake pamzere sanauze aliyense kuti amadziwika, ngakhale kuti tsiku limeneli ankadziwikadi. Anthu ankagundana zigongono. Mtsikana wa pa kauntala anatipatsa matikiti osafunsa funso lililonse.

Mnzake wodwala uja anali asanachire. Mwana wathu tinamupeza pakhomo la ndege penipeni, pambali pa mkulu wawo, akulandira anthu.

"Takulandirani, bwana. Takulandirani, madamu. Mipando yanu ili chapakati, kumanzere."

Madamu. Mwana amene ndinamubereka ndekha, amene ndinamutafunira chakudya. Bola akananditukwana.

Ndege inanyamuka, amuna anga atagwira mpando ndi manja awiri, maso atatsinzina. Kachizindikiro ka malamba katazima, ndinadina belu la pamwamba. Kunabwera wamtali uja. Ataona kuti ndife, anabwerera, ndipo patapita kanthawi kunabwera mwanayo.

"Ndikuthandizeni chiyani, madamu?"

Ndinaimirira. Ine pagulu sindilankhula, ntchito imeneyo kwathu ili ndi mwini wake. Mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ndinkafunira.

"Dzulo ndinanama. Ndinanama pamaso pa anthu, ndiye ndikonza pamaso pa anthu. Uyu ndi mwana wanga. Za ntchito yakeyi ndakhala ndikudziwa kuyambira tsiku loyamba. Siketi wavalayi ndinapinda ndine."

Anthu anasiya zimene ankachita. Mkulu uja anaimitsa kangolo ka tiyi pakati pa njira. Ndinadikira chiphaliwali kuchokera pampando wa pambali panga.

"Ndikudziwa," anatero amuna anga, osadzutsa mutu. "Ndinaona dzulo lomwelo. Mizere iwiri ya ulusi, wachiwiri wokhotera pang'ono. Mathalauza anga onse ndi otero."

"Nanga munandifunsiranji?"

"Ndinkafuna munthu woti akhale mbali yanga."

Anamasula lamba n'kuimirira, ulendo uno atateteza mutu ndi dzanja. Anakonza jekete, anakonza kukhosi. Ndinadziwa kuti kukubwera choyamba, chachiwiri, mpaka ma pomaliza angapo.

"Choyamba," anatero.

Anaima. Anayang'ana mwanayo. Munthu amene analankhulapo pa maliro mpaka abusa anakhala pansi, tsiku limeneli anasowa chachiwiri.

Anatembenukira kwa wamtali uja, amene anaima kuseri kwa kangolo.

"Achimwene, zimene ndinanena dzulo za inu ndi makolo anu, ndabweza. Zinali zauchitsiru. Pepani."

"Zatha, bwana."

"Sizinathe." Anagwira phewa la bambo wina amene anakhala tsidya lina la njira, munthu wosalakwa amene ankangodya bisiketi yake. "Akulu, mukumuona uyu? Ndi mwana wanga. Mmodzi yekhayu. Dzulo ndinauza anthu kuti ndilibe. Ndili naye."

"Chabwino," anatero bamboyo, bisiketi ili m'kamwa. "Zikomo."

Mwanayo anaima njo, manja kumbuyo. Anaugwira mtima, kuntchito kwawoko amawaphunzitsa bwino. Nthawi yomweyo ndege inagwedezeka, makapu anagundana pa kangolo, kachizindikiro kaja kanayakanso.

"Adadi, khalani pansi. Mangani lamba."

Anakhala. Chitsulo cha lamba chinkakana kulowa. Mwanayo anawerama, anawamangira, n'kukoka kuti akhwime.

"Wandithina," anadandaula.

"Ndi mmene amamangira."

Kenako anadzuka n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chichitikireni za dzulo lake.

"Nanunso, Amayi. Koma inu nkhani yanu sinathe. Tikakambirana kunyumba."

Ndinakhala pansi msangamsanga, asanasinthe maganizo.

8

Owerenga anzanga, sindinalembe izi kuti muwaseke amuna anga. Anasekedwa kale mokwanira, ndipo vidiyo ija ikuyendabe. Iwo anakana mwana chifukwa chodzidzimuka. Ine ndinamukana ndili maso, ndikudziwa zonse.

Kwa nthawi yaitali ndinkayenda pakati pa bambo ndi mwana, uku ndikusefa uthenga, uku ndikuuthira shuga, n'kumadzitama mumtima kuti nyumbayi yaima chifukwa cha ine. Ndinkati ndikuteteza mwana kwa bambo ake, ndikuteteza bamboyo ku manyazi. Tsiku limene anandifunsa funso lofuna liwu limodzi m'pamene ndinadziwa amene ndinkamuteteza kwenikweni. Ngati mwana wanu anakuuzani chinthu chimene bambo ake sakuchidziwa, musadikire tsiku labwino. Ine ndinalidikira, linandipeza nditamangidwa lamba, anthu akujambula.

Kunyumba kwake tinakambiranadi. Bambo ake anawakhululukira tiyi asanazizire m'makapu. Za ine zikutenga nthawi. Pakhomo pathu amabwera, amaimba foni, amanditchula Amayi. Koma yunifolomu yatsopano atapatsidwa, anakapinditsa kwa telala wina. Ndinaiona atabwera nayo, ndinaitembenuza iye ali kubafa. Ntchito yake ndi yowongoka, ndikuvomereza. Koma telala ameneyo amasoka mzere umodzi wokha. Ndikudikira kuti umasuke.